Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo

Mwambi uwu unabadwira pakati pa anthu ofwenkha fodya. Fodya wamphuno ndi ufa wopepuka kwambiri. Munthu amatsegula kachitini kake, n'kutsinako pang'ono, n'kumakweza dzanja kupita kumaso. Kuchoka pachala kufika pamphuno si patali ayi, komabe pakamtunda kameneko pangachitike zambiri: kamphepo kawomba, mnzako wakugunda chigongono, mwana wakudumphira pamwendo. Ukamati ukoke, pachala palibe kanthu. Akuluakulu ataona zimenezi anati usawerengere chinthu chimene sichinafike pamalo pake, ngakhale uchione ndi maso, ngakhale chikukhudze khungu.

Amauza mawu amenewa mlimi amene wayamba kutenga ngongole kugolosale podalira mabelo omwe sanafike n'komwe ku okushoni ya ku Kanengo kapena ku Limbe. Amauzanso mnyamata amene wasiya ganyu chifukwa wina wamulonjeza ntchito m'tauni. Mwambiwu sunena kuti kuyembekezera n'kulakwa. Ukungolekanitsa zinthu ziwiri zimene mtima wa munthu umakonda kuzisakaniza, chomwe waona ndi chomwe uli nacho.

Masiku ano kusakaniza kumeneku kukuchitika kwambiri pafoni. Snapchat ndi imene inayambitsa mu 2013 zoti munthu aike chithunzi kapena kanema woti anzake aone kwa maola 24 okha, kenaka n'kuzimirira. Instagram inatengera mu 2016, ndipo mu February 2017 WhatsApp inabweretsa status yomwe tikuidziwa leroyi. Facebook nayo inatsatira chaka chomwecho. Kwa ife kuno, WhatsApp ndiyo yalowerera m'moyo wa tsiku ndi tsiku, moti ambiri akadzuka m'mawa amayamba aona kaye ma status asanasukusule.

Makampani amenewa anapanga malo amenewa kuti akhale a zinthu zosakhalitsa: chakudya chamasana, nthabwala, nyimbo imene munthu wakondwera nayo tsiku limenelo. Koma taonani zimene ife tikuikapo. Chinkhoswe chili pa status. Ukwati uli pomwepo. Mwana akuponya phazi loyamba, mtsikana wavala gauni tsiku lomaliza maphunziro ku yunivesite, agogo akuimba nyimbo yamtondo atakhala pakhonde, kwaya ya amayi ikuperekeza m'bale kumanda, zonsezi zikudutsa pa status. Achibale amene ali ku Johannesburg, ku Harare kapena ku London amaona mwambo wakumudzi kudzera pomwepo, ndipo akumudzi amadziwira pomwepo nkhope ya mdzukulu wobadwira kunja amene sanamunyamulepo. Tikaona, mtima umakhazikika ngati kuti chinthucho tachilandira. Timayankha kuti "Zakoma bwanji!" n'kupitirira. Mawa nthawi yomweyo chapita.

Chimene chimandipweteka n'chakuti kutayika kumeneku sikumveka tsiku lomwelo. Kumamveka patapita zaka, agogo aja atatisiya, ana akufunsa kuti mawu awo ankamveka bwanji. Aliyense m'banjamo akukumbukira kuti kanemayo anamuona, koma palibe amene ali naye. Amene anajambula anasintha foni kalekale. Makolo athu ankajambulitsa mwa apo ndi apo, kwa wojambula woyenda panjinga kapena ku situdiyo ya paboma, koma chithunzi chimodzi chomwecho chinkakhala m'sutikesi zaka makumi anayi, ndipo ambiri tikuchionabe. Ife tikujambula tsiku lililonse, koma n'kutheka kuti tidzasiyira adzukulu athu zochepa kuposa zimene tinalandira.

Si nkhani ya banja lokha. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu ambiri anaona koyamba zimene zinachitikazo kudzera m'mafoni a anthu wamba amene anali pomwepo. Mwa zojambulidwazo munali zosayenera kufalitsidwa, monga matupi a anthu omwalira, koma munalinso umboni wa mmene madzi anayendera, mmene mudzi unkaonekera usanakokoloke, ndi mmene anthu anathandizirana ndi makasu ndi manja. Zimene zinaikidwa pa status pokha, mwini wake osazisunga pena, zinatha tsiku lotsatira.

Tsono fodyayu angafike bwanji pamphuno? Udindo woyamba ndi wa mwini chithunzi. Ndi bwino kujambula ndi kamera ya foni, chithunzi chikhale m'gallery, kenaka n'kuchitenga m'menemo kukachiika pa status. Instagram ili ndi malo otchedwa Archive pomwe imasungira mwini wake zimene anaika, ndipo Snapchat ili ndi Memories, koma zonsezi zili m'manja mwa kampani. Ukaiwala password kapena akaunti ikatsekedwa, wataya.

Kwa woonera, WhatsApp sinaike batani losungira status ya munthu wina. Ambiri amachita screenshot, ena amajambula sikirini kanema akusewera. Amene ali ndi mafoni a Android ndipo amadziwa kufufuza amapeza foda yobisika yotchedwa .Statuses, momwe zimene waonera zimakhala kwa kanthawi zisanafufutike, n'kukopera m'menemo. Palinso timapulogalamu tambirimbiri tolonjeza kusunga status. Ine sinditikhulupirira, chifukwa timapempha chilolezo cholowa m'mafayilo a m'foni mwako, ndipo sudziwa amene anatipanga. Njira zonsezi zili ndi vuto limodzi: chithunzi chikamakwera pa status, WhatsApp imachifinya kuti chisadye data yambiri, ndiye chimene wasungacho chimakhala chofooka. Pafoni chimaoneka bwino, koma ukapita nacho kokatsukitsa kuti uchipachike pakhoma, nkhope zimatuluka zosaoneka bwino.

Njira yabwino koposa ndi imene ofwenkha fodya ankaidziwa kale, kupempha. Palibe ankapisa dzanja m'thumba la mnzake. Ankati "Nditsineko, achimwene," ndipo mwini wake ankatsegula yekha kachitini. Leronso mawu akuti "Munditumizireko chithunzi chija" amagwira ntchito kuposa luso lina lililonse. Mukamuuza kuti atumize ngati Document, chithunzicho chimafika chathunthu monga mmene kamera inachijambulira. Mwalandira chabwino, ndipo mwini wake akudziwa kuti muli nacho.

Ngakhale chafika m'foni, tisafulumire kunena kuti chafika pamphuno. Foni imabedwa m'basi, imagwera m'chidebe, imazima osadzukanso. Imadzaza, ndipo munthu pofuna malo amafufuta mwachangu osaona chimene akufufuta. WhatsApp siisunga mauthenga ako kwa iyo akangofika; ngati sunatsegule backup, foni ikapita zapita. Akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15GB, ogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, pomwe iCloud ya eni iPhone imapereka 5GB. N'zoona kuti kukweza makanema pa intaneti kumadya mayunitsi, ndipo si aliyense angakwanitse. Koma memori khadi kapena fulashi yosungidwa m'nyumba imathandiza, ndiponso zithunzi zisanu kapena khumi zofunika kwambiri zikhoza kutsukidwa n'kuikidwa mu alubamu. Pepala silifuna chaji kapena netiweki.

Pali mbali ina imene sindingaidumphe, chifukwa mwambiwu ena angaumve molakwa. Ukunena za fodya amene wapatsidwa. Sukupereka ufulu wotola chilichonse chimene chadutsa pamaso pako. Munthu akasankha kuika chinthu pamalo pomwe chizimirira pakatha tsiku, nthawi zina amakhala ndi chifukwa. Mwina anali ndi chisoni usiku umenewo. Mwina wasankha anthu ochepa oti aone, pakuti WhatsApp imalola kubisira ena status. Mu 2021 kampaniyi inabweretsa View Once, chithunzi chotseguka kamodzi kokha, ndipo pambuyo pake inatseka zoti munthu achite screenshot chithunzi choterocho. Snapchat imamudziwitsa mwini wake wina akachita screenshot. Zonsezi zikusonyeza kuti pali zinthu zimene wotumiza akufuna uone koma usasunge, ndipo munthu waulemu amamva zimenezo popanda kuuzidwa kawiri.

Tikudziwa zimene zimachitika ulemu umenewu ukasowa. Mtsikana watumiza chithunzi kwa munthu amene ankamukhulupirira, chibwenzi chatha, chithunzi chayamba kuzungulira m'magulu a WhatsApp mpaka chafika kwa makolo ake ndi kutchalitchi. Ena asiya sukulu chifukwa cha manyazi otere. Wochita zimenezi ndi wankhanza, ndipo aliyense wotumiza patsogolo akuthandiza nkhanzazo. Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limateteza chinsinsi cha munthu aliyense, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limati kuzunza munthu kudzera pa intaneti ndi mlandu. Zithunzi zolaula za ana ndiye ngakhale kungozisunga m'foni ndi mlandu waukulu.

Apa mwambiwu ukutembenukira kwa woika chithunzi. Mphepo ikauluza fodya, sikuti fodyayo watha. Wangopita kumene mwini wake sakudziwa, mwina m'maso mwa munthu wina. Maola 24 aja amatanthauza kuti chithunzi chichoka pasikirini. Satanthauza kuti palibe amene wachisunga. Ngakhale View Once imene imakana screenshot siingaletse munthu kutenga foni yachiwiri n'kujambula sikiriniyo. Achinyamata athu ayenera kuuzidwa zimenezi momveka bwino, ndi makolo ndi aphunzitsi, asanaphunzire ndi misozi. Chimene sungafune kuti amalume ako kapena bwana wako wam'tsogolo adzachione, usachikweze n'komwe.

Choncho vuto lathu lili pawiri, ndipo tikulakwitsa mbali zonse. Zamtengo wapatali, zimene eni ake akanatipatsa ndi manja awiri tikanapempha, tikuzilekerera kuti zizimirire. Zachinsinsi, zimene eni ake anafuna kuti zizimirire, ndi zimene ena akuthamangira kusunga. Ndikanakonda banja lililonse likanakhala ndi munthu mmodzi wodziwika kuti ndiye wosunga zithunzi, woti pakatha ukwati kapena maliro aliyense amutumizire zimene wajambula, iye n'kuziika pamalo awiri osiyana, n'kulemba mayina a anthu ndi chaka.

Inu amene mukuwerenga, ngati lero mwaona pa status ya m'bale wanu nkhope ya mayi anu okalamba kapena mawu a agogo akusimba za kale, musadikire kuti mudzapempha Loweruka. Mulembereni tsopano lino kuti akutumizireni, ndipo mumufunsenso ngati iye mwini wasunga.