Kodi N'koyenera Kujambula Masautso a Ena?

Kodi n'koyenera kuti munthu aimike makina ojambulira kanema pamaso pa mnzake amene ali m'masautso? Ena amati ntchitoyi njothandiza chifukwa imaulula zimene dziko silifuna kuona. Ena amati ndi malonda a misozi, pakuti wojambula amalandira ndalama ndi ulemu pamene wojambulidwayo amatsala mu umphawi womwewo. Ntchito za Sorious Samura, mtolankhani wa ku Sierra Leone, zingathandize poweruza mlandu umenewu.

Samura adatchuka ndi kanema wa mu 2000 wotchedwa Cry Freetown, woonetsa nkhanza zimene adajambula mu Januwale 1999 zigawenga zitalowa mumzinda wa Freetown. Pambuyo pake adasankha kumakhala pamodzi ndi anthu amene ankawajambula. Mu Living with Hunger, kanema wa mu 2004, adakhala mwezi wathunthu m'mudzi wina wa njala ku Ethiopia, akudya zokhazo zimene eni mudzi ankadya. Mu Living with Illegals, wa mu 2006, adaphatikana ndi anthu a mu Afirika olowa ku Ulaya popanda zikalata, nayenda ulendo wawo kuchokera ku Morocco, kudzera ku Spain ndi France, mpaka ku Britain.

Wotsutsa anganene kuti zonsezi n'chiphamaso chabe. Njala ya mwezi umodzi si njala ya moyo wonse. Samura ankadziwa tsiku lobwerera kwawo, pamene anzake apaulendowo sankadziwa ngati adzaonanso makolo awo. Mfundo imeneyi njoona ndithu, ndipo wojambula woiiwala amadzinyenga yekha. Mlendo ndi mame: dzuwa likakwera wapita, eni mavuto natsala nawo.

Komabe kukhala pamodzi ndi ovutika kumasintha zimene makina aja amaona. Wojambula ali patali amangoona khamu lopanda maina likukwera mpanda kapena kudzazana m'bwato, ndipo woonera amachita mantha kapena chisoni chosakhalitsa. Koma wogona nawo kutchire amamva chifukwa chimene mnyamata adasiyira kwawo: nkhondo, kusowa ntchito, ngongole, kapena abale oyembekeza thandizo lake. Apo khamu limasanduka anthu, ndipo funso lakuti "Awa akufunanji kuno?" limasanduka lakuti "Chawachotsa kwawo n'chiyani?"

Apa ndiye pagona yankho. Kujambula masautso n'koyenera pokhapokha ngati kukubwezera wovutikayo umunthu wake. Choyamba, wojambulidwa avomere atamvetsa bwino zotsatira zake, popeza nkhope ya munthu wopanda zikalata ikaoneka pakanema ikhoza kummangitsa. Chachiwiri, apatsidwe mpata wolankhula yekha, m'malo mwakuti wina azimlankhulira ngati mwana. Chachitatu, kanemayo asathere pachilonda, koma alondole chimene chidachititsa chilondacho. Zitatuzi zikasowa, wojambula amafanana ndi wobwera pamaliro kudzadya nsima.

Woonera nayenso ali ndi udindo. Mmalawi sangaone anthu amenewa ngati achilendo, pakuti midzi yambiri ya dziko lino idatumiza amuna kumigodi ya ku Joni pansi pa Wenela ndi Theba, ndipo ena mwa iwo adasanduka matchona. Mpaka lero achinyamata amapitabe ku South Africa kukafuna ntchito. Munthu woonera kanema wotere n'kungopukusa mutu, kenaka n'kuiwala, wagula nawo misozi ija. Koma amene wayamba kufunsa chifukwa chake maiko ena sangathe kusunga ana awo, ndi kulandira bwino wothawa kwawo akafika pakhomo pake, wamva uthenga wake. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.