Wosula Mpeni ndi Chikumbumtima Chake

Kodi munthu wopanga zida za nkhondo tingamutche wabwino? Taganizirani za A.P.J. Abdul Kalam wa ku India. Kuyambira 1983 adatsogolera akatswiri a bungwe la DRDO popanga mizinga ya Prithvi ndi Agni, pofuna kuti dziko lawo lisamadalire ena pa chitetezo. Mu 1998 adali nawo poyesa mabomba a nyukiliya ku Pokhran, ndipo mwezi usanathe Pakistan idaphulitsanso ake. Komabe akatswiri omwewo adatenga zipangizo zopepuka za mizinga n'kupangira ana opuwala ndi poliyo zomanga m'miyendo kuti aziyenda. Chifundo chimenechi n'choyamikika, koma sichifafaniza mabomba aja. Wosula mpeni azifunsa amene adzaugwire, pakuti ukachoka m'manja mwake sudzamumveranso.