Kodi Mbala ndi Yani?

Mlimi wa ku Petauke akagula vaneti, ndiye kuti waika m'menemo thukuta la zaka zambiri. Tsono akasenza matumba ace a nshawa kunka nawo ku Lusaka pa mseu wa Great East, mtima wace sukhala pansi, pakuti galimoto yotere iri ndi kumbuyo kwapululu. Akaima pa mlatho wa Luangwa kuti agule nsomba, diso lace liri pa katundu. Akagona m'tauni, m'mawa angapeze batire, jeke ndi tayala la sipeya zitapita.

Mwini wanzeru acita zimene angathe. Amanga tayala ndi unyolo ndi loko, afunditsa katundu ndi tenti, aimika galimoto poyera magetsi, kumbuyo kwace atagunditsa ku cipupa. Sasiya ndarama kapena foni pa mpando. Alemba cizindikiro cace pa batire, nasunga kunyumba nambala ya injini, kuti apolisi akhale ndi poyambira. Zonsezi nzabwino, koma loko angocedwetsa mbala. Sacotsa cimene caibweretsa.

Nanga cimene caibweretsa nciani? Mbala sidya batire, ndipo kawiri-kawiri iribe galimoto yoikapo tayalalo. Imaba cifukwa idziwa kuti kusanace wina adzagula. Wogulayo ndi munthu waulemu wace, mwina mwini vaneti mnzace, amene aona tayala labwino likugulitsidwa pa theka la mtengo wace, nasankha kusafunsa kumene lacokera. Iye ati, "Ine sindinabe, ndagula ndi ndarama zanga." Koma kutsika kwa mtengoko ndiko kunamuuza zoona, ndipo iye anamva. Ncifukwa cace malamulo a Zambia, m'buku la Penal Code, amapatsa mlandu wolandira cinthu akudziwa kuti ncakuba.

Ena adzati umphawi ndiwo uwakakamiza kufuna zotsika mtengo. Umphawi ulipodi, koma wobedwayo nayenso si wolemera. Kwaca imene wogula wapulumutsa yacoka m'thumba la mlimi uja, amene ana ace adikira ndarama za sukulu.

Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Wogula zakuba alipira mbala kuti ibwerenso, ndipo mbala sisankha galimoto. Mnyamata amene watsiriza sukulu, nayamba nchito ya umakaniko kapena ya udalaivala, adzakumana nalo funso limeneli msanga. Loko wa pa tayala ateteza vaneti imodzi. Munthu wofunsa kuti, "Mwacitenga kuti?" nabweza ndarama zace m'thumba, ateteza zonse za mumseu.