Mpikisano wa sayansi pasukulu yachikhristu

Science Olympiad ndi mpikisano wa sayansi wa ana asukulu ku United States, womwe amakonzekera akaweruka m'kalasi. Bungwe louyendetsa linakhazikitsidwa mu 1984, ngakhale kuti mpikisano wa dzina lomweli unachitikapo mu 1974 pa St. Andrews Presbyterian College, koleji ya mpingo ku North Carolina. Timu imakhala ya ana osaposa 15 ndipo amagawana magawo 23. Sukulu zachikhristu zimapikisana ndi zaboma pa malamulo amodzimodzi.

M'magawo ambiri chikhulupiriro sichikhala nkhani. Ana amamata timitengo topepuka ta balsa n'kupanga nsanja kapena mlatho, amakolekapo ndowa, kenaka n'kumathiramo mchenga pang'onopang'ono mpaka katundu akwane makilogalamu 15 kapena timitengoto tithyoke. Mchengawo sufunsa ngati timu inayamba yapemphera.

Povuta ndi pa magawo a nyenyezi ndi a mafupa akalekale amene anasanduka miyala. Ochonga amatsata zimene asayansi anapeza, zoti dziko lapansi lakhalapo zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Koma sukulu zina zimaphunzitsa kuti masiku asanu ndi limodzi a m'buku la Genesis anali masiku enieni, ndi kuti dziko langotha zaka masauzande owerengeka. Mwana wa sukulu yotere akalemba yankho loti apambane nalo, kodi wanama?

Ena amati sananame, poti kudziwa zimene asayansi amanena si kuzivomereza. Maganizowa amagwira ntchito patsiku la mpikisano, koma amamusiya mwanayo ndi mitima iwiri: china cholemba papepala, china chonena kutchalitchi. Akhristu enanso, kuphatikizapo Mpingo wa Katolika, saonapo mkangano. Kwa iwo Genesis amanena za amene analenga ndi cholinga chake, pomwe zaka ndi miyeso amazisiyira kafukufuku.

Mwachitsanzo, wansembe wa ku Belgium, Bambo Georges Lemaître, ndi amene analemba mu 1927 kuti chilengedwe chonse chikufutukuka, ndipo pambuyo pake anati chinayambira pamodzi. Papa Pius XII atalankhula mu 1951 ngati kuti zimenezi zikutsimikizira chilengedwe cha m'Baibulo, Bambo Lemaître sanakondwe nazo. Iwo sankafuna kuti chikhulupiriro chitsamire pa masamu amene wina angadzawakonze mawa.