Mitengo iwiri ya khofi

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu ndi wabwino ndithu, koma kodi amaukonda kwambiri ndani, wodikira kapena wodikiritsa mnzake? Pajatu mawu oti "dekhani" savuta kutuluka pakamwa pa munthu wokhuta. Funso langa lero n'lakuti: kodi kudekha n'khalidwe labwino nthawi zonse, kapena pena kumangokhala dzina laulemu la kudyeredwa masuku pamutu?

Kuno kwathu ku Iponga, kufupi ndi mtsinje wa Songwe, timadalira mpunga. Ukaokera mvula itakhazikika, pakangotha miyezi isanu wamweta. Wogula akanyanya kutsitsa mtengo, umabweza thumba lako m'nyumba, ana n'kudya. Anzathu a kumapiri a Misuku, m'boma la Chitipa, mwayi umenewu alibe. Iwo amalima khofi, ndipo khofi saphikira nsima.

Chaka china m'nyengo yozizira, anthu akuthyola khofi, ndidakwera kumeneko kudzera ku Karonga n'kukhota pa Kapoka. Mayi wina wachikulire adandiyendetsa m'munda mwake, pamalo otsetsereka, khofi ali m'mizere pansi pa mthunzi wa nthochi. Adandifotokozera kuti mbande imakhala miyezi yambiri ku nazale, ndipo ukaiokera umadikira zaka zitatu kapena zinayi usanaone phindu. Zaka zonsezo ukupalira, kuthira manyowa, kuphimbira nthaka ndi udzu ndi kudulira nthambi.

Nditagwira nthambi yodzaza zipatso adandiletsa msanga. "Mwana wanga, khofi sitipulula ngati masamba a chinangwa. Chofiira chokhacho. Chobiriwiracho udzachipeza sabata yamawa." Choncho mtengo umodzi amaubwerera kambirimbiri. Zothyola lero ziyenera kufika kumakina osenda makoko lero lomwe, apo ayi zimasasa. Kenaka njerezo amaziika m'matanki kuti zoterera zija zichoke, amazitsuka, n'kuziyanika pa thandala kwa masabata, akuzitembenuza ndi manja. Pa makilogalamu asanu kapena asanu ndi imodzi a zipatso pamatuluka kilogalamu imodzi yokha ya khofi wopita kunja.

Kudikira kotereku ine ndikuchitira ulemu. Mtengo sunama. Umayamba waonetsa maluwa oyera, kenaka tizipatso tobiriwira, kenaka tofiira, ndipo mlimi amadziwa pamene wafika. Palibe amene akumubera nthawi. Akafulumira amadzipweteka yekha, akadekha amadzipindulira yekha. Apa mwambi wa nkhono uja ukunena zoona.

Komatu Chichewa n'chochenjera, abale. Liwu lomweli loti mtengo lili pawiri. Pali mtengo womera m'munda, palinso mtengo wolembedwa pa pepala. Woyambawo mlimi amaudzala yekha. Wachiwiriwo amamudzalira ndi ena. Mtengo wa khofi wa Arabica, amene amalimidwa ku Misuku, umatsatira msika wa ku New York, ndipo msikawo umagwedezeka chisanu kapena chilala chikagwa ku Brazil. Mu 1989 mgwirizano wa maiko wogawana kuchuluka kwa khofi wogulitsa udasweka, mitengo idagwa, alimi a ku Africa n'kulira limodzi ndi a ku Latin America. Mayi wa ku Misuku adalakwa chiyani pamenepo? Adathyola chobiriwira?

Nkhaniyi sidayambe dzulo. Khofi adafika m'dziko muno mu 1878, mbande yochokera ku Edinburgh itadzalidwa ku mishoni ya Blantyre. Adakondedwa kwambiri kotero kuti mtengo wa khofi udajambulidwa pa chizindikiro cha boma la atsamunda la British Central Africa. Koma chitangodutsa chaka cha 1900, khofi wochuluka wa ku Brazil, chilala ndi tizilombo zidagwetsa ulimiwu. Azungu a minda ikuluikulu sadadekhe ayi. Adasamukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Onani, amene ali ndi kothawira sauzidwa za nkhono. Mwambi umatsalira wosauka.

Wina anena kuti: nanga wogulayo sadikiranso? N'zoona, ndipo tisamunamizire. Khofi ayenera kukonzedwa, kusankhidwa, kutsika kumapiri, kukafika kudoko, kuwoloka nyanja. Ndalama sizingabwere katundu asanagulidwe. N'chifukwa chake alimi ang'onoang'ono amafunika kukhala pamodzi. Boma lidakhazikitsa Smallholder Coffee Authority mu 1971. Mu 1999 bungweli lidasanduka Smallholder Coffee Farmers Trust, ndipo mu 2007 padabadwa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, ya alimi eni ake, a ku Misuku ali momwemo. Kudikira ndalama za gulu lako n'kosiyana ndi kudikira chifundo cha bwana, pokhapokha ngati mabuku a gululo ali otsekula kwa membala aliyense.

Ndiye ine ndaima apa. Kudekha n'khalidwe labwino pamene wodikirayo akudziwa chimene akudikira, tsiku lake, ndi chifukwa chake. Zitatuzi zikasowa, kumeneko si kudekha, n'kugwidwa pakhosi basi. Ndipo amene amayamikira mlimi kuti "anthu akumudzi ndi opirira" kwinaku atasunga ndalama zake, akuchita tchimo pawiri: wamumana chake, n'kumuvekanso mendulo ya kumanidwako.

Muyeso wake si wovuta, ndipo sukhudza khofi yekha. Ukhudza wogula mpunga pa ngongole pa msika wa Iponga, bwana wochedwetsa malipiro a waganyu, ngakhale wandale wolonjeza mlatho. Aliyense wouza mnzake kuti adikire achite ngati mtengo wa khofi: aonetse maluwa, aonetse zobiriwira, atchule mwezi wofiira. Akalephera, anene poyera chimene chavuta, ndipo nayenso amveko kuwawa kwa kuchedwako.

Ife akumwa khofi m'tauni, amene timakwiya kapu ikachedwa mphindi zisanu, tisafulumire kuphunzitsa alimi miyambi. Iwo zaka zinayi za mtengo woyamba adazipirira kale popanda wowalalikira. Chatsala ndi mtengo wachiwiriwu, ndipo umenewu suli m'manja mwa mvula kapena nthaka. Uli m'manja mwa anthu, ndipo anthu amafunsidwa.