PHUNZIRO 23: MWALA WA AMETUSTO

Kuwerenga: Eksodo 28:15-21, Chivumbulutso 21:19-20
Vesi loloweza: Aefeso 5:18
Cholinga: Ana adziwe kuti mwala wokongola ndi ntchito ya manja a Mulungu, koma ulibe mphamvu yakusunga munthu.

Zoyenera kudziwa mphunzitsi

Ametusto ndi mwala wonyezimira, wa mtundu wonga maluwa a jakaranda. Mtunduwo uchokera ku chitsulo chochepa chimene chili m'kati mwake, ndipo mukauotcha pamoto usanduka wachikasu. Ndi wolimba ndithu: ukhoza kukanda galasi, koma mpeni suukanda. Amaukumba kwambiri ku Brazil ndi kumwera kwa Zambia, nauika pa mphete ndi pa mikanda.

Dzina lake nlochokera ku Chigriki, ndipo tanthauzo lake ndi "wosaledzera". Agriki akale anakhulupirira kuti wovala mwalawu, kapena womwera m'chikho chosemedwa nawo, sangaledzere ngakhale amwe vinyo wambiri. Motero mwala unasanduka chithumwa.

Kaphunzitsidwe

Yambani ndi kufunsa ana: Kodi mwala uli ndi makutu? Nanga ungamve bwanji munthu akafuna thandizo?

Kenaka afotokozereni za chapachifuwa cha Aroni. Chinali ndi miyala 12 m'mizere inayi, mwala uli wonse ndi dzina la fuko limodzi la Israyeli. Mwala wotsiriza wa mzere wachitatu ndi umene Baibulo la Chigriki liutcha ametusto. Aroni sanauvale kuti umtchinjirize ku zoipa ayi. Anauvala kuti anyamule maina a anthu pamtima pake polowa pamaso pa Yehova. Yohanenso anauona m'maziko a Yerusalemu watsopano, ndiwo wachikhumi ndi chiwiri. Ponse pawiri mwala ulemekeza Mwini wake.

Aphunzitsi, samalani pano. Ena mwa ana anu anamangidwa zithumwa m'khosi kapena m'chiuno ali makanda. Ena abambo awo agwidwa ndi mowa. Musawatchule maina, musawachititse manyazi. Auzeni mofatsa kuti ludzu la mowa likhala mumtima, kumene mwala sufika. Wofikako ndi Mzimu Woyera yekha, ndipo ndiye apatsa munthu mphamvu yakudziletsa.

Mafunso

1. Kodi dzina lakuti ametusto litanthauzanji?
2. Aroni anavaliranji miyala ija?
3. Atisunga ife ndani usana ndi usiku?

Pemphero

Ambuye Yesu, Mkulu wa Ansembe wathu, mwanyamula maina athu pamtima panu. Tithandizeni kudalira Inu nokha. Amen.