Chimene chimapatsa changu antchito a m'phiri la Mulanje

M'chaka cha 1959, Frederick Herzberg, katswiri wa za maganizo a munthu wa ku America, anaphunzitsa kuti zinthu zimene zimathetsa madandaulo a wantchito, monga malipiro, n'zosiyana ndi zimene zimampatsa changu, monga kuyamikiridwa ndi kupatsidwa udindo. Ganizoli limamveka kwa olondolera alendo a ku Fort Lister, m'boma la Phalombe, amene amalawira m'mamawa kukwera nawo phiri la Mulanje mpaka ku Sombani, pakuti wodziwa njira za m'phirimo amanyadira kudaliridwa. Komabe Herzberg anafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama a ku Pittsburgh, anthu a malipiro okhazikika, pamene kwa wonyamula katundu, amene ntchito yake imadukiza m'dzinja alendo akachepa, malipiro sangapeputsidwe chotero, chifukwa ndiwo amagula chimanga cha banja lake mpaka alendo atabweranso.